Nsomba zanga za discus zada ndipo zasiya kudya mu thanki ya zomera, ndalakwitsa pati?

Mnyanja_ku_Joni

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zomwe mumakambirana muno kwa nthawi ndithu, koma lero ndabwera ndi vuto langa chifukwa mtima suli m'malo.

Ndimakhala ku Randburg, kuno ku Joni. Thanki yanga ndi ya malita 300, kutalika masentimita 120, ndipo ndinaiyamba mu Januwale. Pansi ndinathira dothi lakuda lija amagulitsa lodzalapo zomera za m'madzi, pamwamba pake timiyala. Ndinadzala Amazon sword ziwiri kumbuyo, Java fern womangirira pa chitsa, Rotala wa masamba ofiira pakati, ndi kaudzu kakafupi kutsogolo kuti kayale ngati kapinga. Kwa miyezi iwiri munali tinsomba ta neon 20, Corydoras 6 (tinsomba toyenda pansi) ndi pleco mmodzi (nsomba yomamatira pagalasi, yodya ndere), pa madigiri 25, ndipo zonse zinkayenda bwino. Mayi a kunyumba ankachita kukokera mpando pafupi madzulo kuti aziona.

Mu Malichi ndinagula discus 6, nsomba zija zozungulira ngati mbale, zazing'ono, iliyonse masentimita 5 kapena 6, kukula kwake ngati chivundikiro cha botolo la jamu. Zinayi ndi za mtundu wa pigeon blood, zija zachikasu chopita ku olenji, ziwiri ndi turquoise, zija zabuluu. Ndinasankha zazing'ono chifukwa ndalama ya yaikulu imodzi inkakwana zazing'ono zitatu, komanso ndinkalakalaka kuziona zikukulira m'manja mwanga. Wogulitsa anati ndikweze hita ifike pa madigiri 30, ndipo ndinaterodi.

Pano tili mu Juni, ndipo thanki ija siyooneka. Rotala wayoyoka masamba onse am'munsi, kaudzu kasanduka kachikasu ndipo kadzaza ndere. Neon zatsala 11, zimangofa imodziimodzi popanda chilonda chilichonse. Pa discus, ziwiri zakulako ndipo ndi zomwe zimalanda chakudya. Ziwiri zili pakatikati. Koma turquoise ziwiri zija zada bii, zimakhala kuseri kwa chitsa zitapinda zipsepse, ndipo imodzi yatha masiku asanu osadya. Chimbudzi chake chikutuluka choyera, chachitali ngati ulusi. Pigeon blood nazo zatuluka timadontho takuda kumaso ndi pamsana ngati wina waziwaza tsabola. Usiku wina nditayatsa nyali ndinapeza pleco atamamatira pambali pa discus imodzi.

Ndimadyetsa kawiri, m'mawa cha m'ma 6 koloko ndisananyamuke kupita ku ntchito, ndi madzulo ndikaweruka. Chakudya chake ndi mtima wa ng'ombe wogayagaya wa mufiriji ndi tinyongolotsi tofiira. Madzi ndimasintha Lamlungu lililonse, malita 60, ochokera pampopi, ndipo ndimathira mankhwala ochotsa chlorine. Madzi athu apampopi ndikawayeza pH (muyezo wa asidi m'madzi) imakhala 7.8. Ndinawerenga kuti discus imafuna 6.5, ndiye ndimathiranso mankhwala otsitsa pH. Imatsikadi, koma pakatha masiku awiri imakhala yabwereranso pa 7.5, ndiye ndimathiranso.

Abale, ndiuzeni zoona. Kodi discus ndi zomera zimakhaladi limodzi, kapena mathanki okongola aja timaona pa YouTube amangowakonza tsiku lojambula? Kodi ndigule makina a RO osefera madzi? Koma chachikulu, ziwiri zodwalazi ndizitani? Mwana wanga wamkazi anazipatsa kale mayina, ndipo m'mawa uliwonse amathamangira kukaona ngati zatuluka kuseri kwa chitsa.

Madala_wa_ku_Centurion

Mphwanga, pepani. Ndaweta discus zaka zoposa khumi ndipo zomwe mwalembazi ndinaziona m'nyumba mwanga momwe, choncho ndikulankhula ngati mnzanu.

Ziwiri zoti muchite lero lomwe, musanagone. Pleco achoke. Discus ili ndi khungu loterera kwambiri, ndipo pleco wamba akalawa kamodzi sasiya, amadikira usiku nsomba zitaima chilili. Chachiwiri, botolo lotsitsa pH lija liikeni kutali. Madzi anu ali ndi laimu amene amabweza pH pamalo pake, n'chifukwa chake ikukwereranso. Ndiye nsomba zanu zikukhala m'madzi a 6.5 Lamlungu, 7.5 Lachiwiri, 6.5 Lachitatu. Kusinthasinthako n'kumene kukuzifoola kuposa 7.8 yokhazikika. Discus zambiri zomwe timagula m'mashopu sizinachokere mu mtsinje wa Amazon. Zinabadwira m'mathanki, zambiri ku Malaysia ndi ku Thailand, makolo ake ndi agogo ake nawonso chimodzimodzi, ndipo zimakula bwino m'madzi apampopi. RO mudzaifuna tsiku limene mudzafune kuswetsa mazira, chifukwa m'madzi a laimu wambiri mazira ake saswa bwino. Panopa ndalamayo isungeni, muifuna pa chinthu china.

Tsopano muzu wa nkhani. Discus yaing'ono ndi munda wa zomera zimafuna zinthu zotsutsana. Ya masentimita 5 ndi khanda. Imayenera kudya kanayi, kasanu ngakhale kasanu ndi kamodzi pa tsiku, pang'onopang'ono, ndipo nsomba yodya chotero imadetsa madzi kwambiri. Oweta aja amalerera ana m'mathanki a galasi lokhalokha, opanda mchenga, opanda tsamba ngakhale limodzi, ndipo amataya theka la madzi kapena kuposa tsiku lililonse. Sachita zimenezi posadziwa kukongoletsa ayi. Pagalasi loyera chotsalira chilichonse chimaoneka, umachipopa ndi paipi nthawi yomweyo. Inu mtima wa ng'ombe ukugwera pakati pa timiyala ndi m'kaudzu, mmene paipi singafike, ndipo pa madigiri 30 nyama imaola msanga. Malita 60 pa sabata m'thanki ya 300 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu basi. Choncho nsomba zikudya mopelewera, kwinaku zikukhala m'madzi akuda. Ziwiri zamphamvu zikupulumuka chifukwa zimayamba ndizo kudya, zofooka zikutsalira.

M'mera mpoyamba, mphwanga. Discus imakula kwambiri chaka choyamba, ndipo ikapinimbira nthawi imeneyo sibwereranso. Yang'anani diso. Nsomba ikasiya kukula, diso limapitirirabe, ndiye mukaona kansomba kakang'ono ka diso lalikulu, thupi lotalika ngati dzira m'malo mokhala lozungulira ngati mbale, dziwani kuti kapinimbira. Kakhoza kukhala moyo zaka zambiri, koma sikadzafika masentimita 15 kapena kuposa monga zinzake.

Ine ndikanakhala inu ndikanagula thanki yogwiritsidwapo kale ntchito ya malita 150 mpaka 200, yopanda kanthu pansi. Muikemo hita ndi fyuluta ya siponji, ndipo mutengeko thonje kapena siponji yakale ya mu fyuluta yanu yaikulu, osaitsuka pampopi, kuti tizilombo tabwino tija tosandutsa ammonia, poizoni wochokera ku zoipa za nsomba, kukhala nitrite kenako nitrate tisamuke nawo. Zinayi zamphamvu zipite mmenemo. Pezaninso mgolo wapulasitiki woyera, muzitungiramo madzi madzulo, muikemo hita ndi kamwala kotulutsa thovu la mpweya, agone usiku wonse, mawa lake akhale ofunda mofanana ndi a m'thanki. Mankhwala a chlorine muzithirabe ngakhale madzi agona, chifukwa m'mizinda yambiri amagwiritsa chloramine, m'bale wa chlorine amene sauluka yekha. M'nyengo ino ya Juni madzi apampopi kuno ku Gauteng ndi ozizira zedi, musayerekeze kuwathira mwachindunji. Muzisintha gawo limodzi mwa atatu tsiku lililonse, ngati mungathe, theka.

Zodwala ziwirizo zikhale pazokha, ngakhale m'kathanki ka malita 60. Kuda thupi, kukana chakudya ndi chimbudzi choyera nthawi zambiri ndi tizilombo ta m'matumbo, Spironucleus kapena Hexamita, timene timachuluka nsomba ikafooka. Mankhwala ake ndi metronidazole, yemwe uja kumudzi timamudziwa kuti Flagyl. Koma nthawi zina zimakhala njoka za m'mimba, zomwe zimafuna mankhwala ena, choncho pitani kwa dokotala wa ziweto wodziwa za nsomba akupatseni muyezo woyenera, musangothira mongoganiza. Kwezani kutentha kufike 31 ndipo thovu la mpweya lichuluke.

Simunatiuze kuchuluka kwa nitrate, imene imaunjikana madzi akamada. Yezani ndi mankhwala amadontho aja, osati timapepala, mutiuze.

NaPhiri_Manchester

Achimwene, zonse anena Madala ndikugwirizana nazo, makamaka za pleco ndi pH. Ine ndiyankhe funso lanu loyamba, chifukwa sindikufuna muchoke muno mukuganiza kuti maloto anu ndi osatheka. Pabalaza panga pali thanki ya malita 450, muli discus 6 zazikulu, zomera zobiriwira bwino, ndipo chino ndi chaka chachinayi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinagula zitakula kale, masentimita 12 kupita m'tsogolo. Ndinasunga ndalama miyezi isanu ndi itatu. Yaikulu imadya kawiri pa tsiku n'kukhuta, siikuthamangitsana ndi kukula, ndiye kusintha theka la madzi kamodzi kapena kawiri pa sabata kumakwana. Ndivomereze kuti madzi a kuno amandithandiza. Ambiri amachokera ku Lake District ndipo ndi opepuka, ketulo yanga sichita zoyera mkati. Mnzanga wa ku London, kumene madzi amadutsa m'miyala ya choko, amavutika kuposa ine. Komabe naye discus zake zili moyo m'madzi omwewo, bola asamawasinthesinthe.

Chinthu chimodzi chinanditsegula maso nditawerenga za kwawo kwa nsombazi. Discus yoyamba kulembedwa m'mabuku a sayansi, Symphysodon discus, anailongosola ndi Johann Jakob Heckel mu 1840, ndipo kwawo ndi ku Rio Negro ndi mitsinje yoyandikana nayo ku Brazil. Madzi a Rio Negro ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha masamba oola, dzuwa sililowa patali, ndipo zomera za pansi pa madzi n'zochepa. Discus imakhala pakati pa mizu ndi nthambi za mitengo yogwera m'madzi, ndipo thupi lopyapyala lija ndi lolowera m'mipata yoteroyo. Ndiye kapinga uja ndi masamba ofiira ndi zokondweretsa maso athu, nsomba sizikuzifuna. Nditamvetsa zimenezi ndinayamba ndi nsomba, kenako n'kufunsa kuti ndi chomera chiti chingapirire nawo moyo wake.

Kutentha ndiye kumalamula zonse. Ine ndimasunga pa 28 kapena 29. Rotala ndi timaudzu toyala pansi timafuna madzi ozizirirapo, kuwala kwambiri ndi mpweya wa CO2, pamene discus imachita mantha ndi nyali yowala kwambiri. Zomwe zakhala nane osandivuta ndi Amazon sword, Java fern, Anubias, Cryptocoryne wendtii, Vallisneria ndi kakombo kofiira kotchedwa tiger lotus. Sword zanu ndi Java fern wanu zisiyeni, zili bwino. Anubias ndi Java fern sizifuna kukwiriridwa, mumangomangirira pa chitsa ndi ulusi, ndiye tsiku loyeretsa mumanyamula chitsa chonse n'kupopa zapansi pake. Sword zanga zili m'timiphika tadothi tobisika kuseri kwa mitengo. Kutsogolo konse ndinasiya mchenga woyera wopyapyala, wosapitirira masentimita awiri, popanda chomera. Pamenepo ndiye podyera. Discus imakonda kuuzira mchenga ndi pakamwa kuti chakudya chidzuke, n'kuchitola, ndipo imadya mosafulumira, mwina mphindi khumi kapena kuposa. Chotsala chimaoneka poyera.

Madontho akuda a pigeon blood asakudetseni nkhawa kwambiri. Mtundu umenewu unatulukira ku Thailand kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ulibe mizere yoimirira imene discus zina zimaonetsa zikachita mantha. M'malo mwake umatuluka timadontho, makamaka pansi ndi kumbuyo kwa thanki kukakhala kwakuda. Dothi lanu lakuda likuwonjezera. Pa mchenga woyera amachepa, ngakhale satheratu.

Za neon zanu, n'zachisoni, koma ndi kutentha. Neon imasangalala pa madigiri 25 kutsika m'munsi, pa 30 imatha pang'onopang'ono. M'bale wake amene amapirira ndi cardinal tetra, wochokera ku Rio Negro komweko, ndipo asodzi a ku Barcelos, tauni ya m'mbali mwa mtsinjewo, akhala akumugwira kwa zaka zambiri kutumiza kunja. Powasiyanitsa yang'anani mzere wofiira: wa cardinal umayambira kumutu mpaka kumchira, wa neon umayambira pakati pa thupi. Ine ndili ndi cardinal 30 ndi rummy-nose 15. Rummy-nose ndimawakonda pa chifukwa china: madzi akayamba kuipa, kufiira kwa pamphuno pake kumazilala, ndiye amandichenjeza ndisanayeze. Corydoras nazo si zonse zopirira kutentha. Ya sterbai, ya timadontho toyera kumutu ndi zipsepse za olenji, ndiyo imakhala bwino ndi discus. Simunanene kuti zanu ndi ziti, koma ngati ndi za mtundu wa peppered, zikuvutika mmenemo. Pa ndere, pleco wamng'ono wotchedwa bristlenose mmodzi amakwana, sakula kwambiri ndipo kawirikawiri savutitsa discus, ngakhale ndimamuyang'anirabe. Tiger barb ndi nsomba zina zothamanga pa chakudya, ayi. Ndipo chilichonse chatsopano chiyambe chakhala pachokha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Ine ndinataya discus ziwiri chaka choyamba chifukwa cha tinsomba tomwe ndinathira tsiku lomwe ndinagula.

China chomwe chikukhudza inu kuposa ine ndi mpweya. Madzi akamafunda amasunga okosijeni wochepa: pa madigiri 20 amatha kusunga pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, pa 30 pafupifupi 7.5. Ziwerengero zimenezo ndi za m'mphepete mwa nyanja yamchere. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene mpweya ndi wopepuka, ndiye madzi anu pa 30 akhoza kusunga pafupifupi 6 basi. Usiku zomera zimasiya kutulutsa okosijeni n'kuyamba kupuma nawo, zoola za pansi nazo zikudya womwewo. Dzukani m'bandakucha tsiku lina muone ngati nsomba zikupuma mofulumira kapena zili pamwamba. Ikani kamwala ka thovu kazigwira usiku wonse.

WakuSengaBay

Zikomo akuluakulu. Ine discus sindinawetepo, ndisaname. Koma ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pamalo ena kuno ku Salima osungira mbuna zotumiza kunja, ndiye za nsomba yodwala m'thanki ndikudziwako.

Bambo a ku Joni, discus yanuyo ndi mbuna zathu ndi banja limodzi, Cichlidae, pamodzi ndi chambo ndi utaka. Ndikunena izi chifukwa anthu akwathu ambiri akakhala ndi thanki kunja amafuna kuikamo nsomba ya kunyanja kwathu kuti azikumbukira kumudzi. Musadzayese kuphatikiza. Madzi a m'nyanja ya Malawi pH yake imakhala cha pa 8, mbuna ndi yaukali, imateteza mwala wake usana wonse, ndipo discus singapeze mpata wodya. Madzi anu a 7.8 aja mbuna ikanawakonda momwe alili, ngati mudzafune thanki yachiwiri. Vallisneria amene atchula a NaPhiri amamera m'nyanja yathu momwe, m'malo osaya a mchenga, timaona tiana ta nsomba tikubisalamo.

Chomwe chinandichititsa chidwi n'chakuti kalerede ka ana kamasiyana. Mbuna ndi chambo mayi amafungatira mazira ndi ana m'kamwa, osadya pafupifupi masabata atatu. Discus ndinaona pa kanema ana akuzungulira makolo onse awiri, akudya zoterera za pakhungu lawo, bambo akatopa amawakutumulira kwa mayi. Ndiye khungu limene pleco wanu akunyambita si chinthu wamba kwa nsomba imeneyi.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi Madala ndi pa kuthamangira mankhwala. Kuntchito kwathu mbuna zinkadwala matenda otupa mimba amene azungu anawapatsa dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Zizindikiro zoyamba n'zomwezo: kubisala, kulavula chakudya, chimbudzi choyera. Metronidazole tinkagwiritsadi ntchito. Koma ndinaona kuti nsomba imene yangoyamba kumene, ukaipatula, kuipatsa madzi oyera tsiku ndi tsiku ndi kuisiya pamalo a mdima pang'ono popanda woithamangitsa, nthawi zambiri imadzuka yokha. Ndipo ukathira mankhwala koma madzi ali omwewo, matenda amabwerera. Ndiye yomwe ikudyabe pang'onoyo ndikanayamba ndi madzi masiku atatu. Yomwe yatha masiku asanu osadya, imeneyo Madala akunena zoona, musachedwe nayo.

Mtima wa ng'ombe ine ndimaukayikira. Ndikudziwa kuti oweta discus amaugwiritsa ntchito kuti nsomba zikule msanga, koma mu mtsinje mulibe ng'ombe, ndipo mbuna zathu ukazipatsa nyama yotero zimatupa. M'thanki ya galasi lokha mwina, poti mupopa zotsala. M'thanki ya zomera ndikanapereka chakudya chouma cha timibulu chopangira discus.

Chomaliza, magetsi. Kuno akazima masana m'nyengo yotentha sitidandaula za kuzizira, timadandaula za mpweya. Inu muli ndi zonse ziwiri, poti usiku wa Juni ku Joni ndi wozizira koopsa. Khalani ndi kapampu ka mpweya ka mabatire pafupi, ndi bulangete lokutira thanki yonse. Kumbuyo ndi m'mbali matani zoyera zopepuka zija amatchinjirizira firiji m'katoni. Mukhozanso kuika mabotolo a madzi otentha otseka bwino kuti aziyandama. Magetsi akazima musadyetse. Ndipo akakhalitsa maola ambiri, fyuluta yotsekeka ija muitsegule, mutaye madzi a mkatimo musanaiyatse, chifukwa tizilombo tabwino tikasowa mpweya timafa ndipo madzi ake amanunkha ngati dzira loola. Amenewo akalowa m'thanki amapha nsomba.

Mnyanja_ku_Joni

Madala, achemwali a NaPhiri, bambo a ku Senga Bay, zikomo kwambiri. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndibwere ndi zomwe ndachita. Patha masiku 12.

Nitrate nditayeza inali pakati pa 80 ndi 100, botolo linachita kufiira ngati magazi. Ammonia ndi nitrite zinali pa 0. Nditazula kaudzu kaja, pansi pake panatuluka utsi wakuda wa zoola, fungo lake mpaka mayi a kunyumba anatsegula mawindo ngakhale kunali kuzizira. Miyezi itatu yonse ndinkapopa pamwamba pokha poopa kuzula mizu.

Pleco ndinamubweza ku shopu tsiku lomwelo. Ndinapeza thanki ya malita 180 kwa munthu wina amene amasamuka, ndi mgolo wa malita 100 umene uli m'bafa. Pigeon blood zinayi zili mmenemo, pa madigiri 29, madzi apampopi osathira chotsitsa pH, ndipo ndikusintha malita 70 madzulo aliwonse. Zikudya ngati sizinaonepo chakudya, ngakhale ziwiri zapakati zija tsopano zikulimbirana nawo. Madontho akuda ayamba kuchepa kumaso. M'thanki yaikulu ndatsitsa kutentha kubwerera pa 25, ndipo chichokereni discus palibe neon yafa. Corydoras zanga ndi peppered, a NaPhiri munalondola.

Turquoise imodzi, yomwe inasiya kudya ija, inafa Lachinayi lapitali, mankhwala ndinali nditayamba masiku awiri okha. Nditaitulutsa ndinaona kuti pamutu pake, pamwamba pa maso, panali popyapyala ngati mpeni. Mwana wanga analira, tinakaikwirira limodzi pansi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba. Inayo ili moyo. Dokotala wa ziweto anayeza chimbudzi chake pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono ndipo anapeza tizilombo tomwe munanena Madala, njoka ayi. Dzulo yatola timibulu titatu, ndipo mtundu wa buluu wayamba kuoneka m'zipsepse. Diso lake ndi lalikulu ndithu poyerekeza ndi thupi, ndiye ndavomereza kuti mwina sidzakula ngati zinzake. Tiisungabe.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Ndimachoka m'nyumba 6 koloko m'mawa, kubwera 6 madzulo, ndiye kudyetsa kasanu ndikuchita bwanji? Ndipo ndidzadziwa bwanji kuti zakwana kubwerera ku thanki yaikulu? Ndikufuna pofika nthawiyo ndikhale nditachotsa dothi lakuda, ndaika mchenga woyera ndi zomera zomwe mwanditchulira.

Madala_wa_ku_Centurion

Pepani ndi imene yapitayo, mphwanga. Mutu ukapyapyala chotero nsomba imakhala yaonda kwa masabata ambiri, mankhwala sakanaibweza.

Gulani kamakina kodyetsa ka mabatire, muikemo timibulu touma, kazigwetsa pang'ono 10 koloko, 1 koloko ndi 4 koloko. Kayeseni kaye pa mbale Loweruka muli pakhomo kuti muone kuchuluka kwake, chifukwa tina timakhuthula kwambiri. Chakudya chonyowa muzipereka m'mawa pang'ono, ndi madzulo patatsala ola limodzi kuti musinthe madzi. Hita ikhale iwiri yaing'ono m'malo mwa imodzi yaikulu, kuti ina ikafa usiku inzake igwirize.

Turquoise ikamaliza mankhwala idye bwino masabata awiri, chimbudzi chibwerere chakuda, kenako muiphatikize ndi zinzake. Discus siikhala bwino yokha, ndipo zikakhala zisanu ukali umagawikana. Muiike usiku nyali zitazima.

Matani tepi yoyezera pagalasi lakutsogolo, muzijambula pa foni tsiku loyamba la mwezi uliwonse. Zikafika masentimita 11 kapena 12 zikhoza kusamuka, ndipo mmene zililimu ndikuganiza kuti ndi cha m'ma Febuluwale kapena Malichi. Thanki yaikulu muikonze miyezi iwiri isanafike nthawiyo kuti mizu igwire, muikweze pang'onopang'ono kufika pa 28, neon ndi peppered muzipezere kwina, cardinal ndi sterbai zilowe ndizo poyamba. Malita 300 pa discus zazikulu zisanu akukwana, koma musawonjezere yachisanu ndi chimodzi. Mutitumizire chithunzi choyamba cha pa tepi pa 1 Julayi.